Matailosi a M'khitchini Alekezere Pati?

Ntchito ikafika pakhoma la kuseri kwa sinki ndi chitofu, mwini nyumba ndi mmisiri kawirikawiri amasiyana maganizo. Mwini nyumba amawerenga ndalama, pamene mmisiri waluso amayang'ana pomwe madzi ndi mafuta zimafika.

Pakati pa thebulo lokonzerapo zakudya ndi makabati a m'mwamba pamakhala masentimita pafupifupi 45, ndiye kuti mizere itatu ya matailosi a masentimita 15. Koma kuseri kwa chitofu mizere itatu siikwana, pakuti phala la nsima likamabwadamuka limalumphira patali, ndipo penti imada ndi kusupuka msanga. Pamenepo matailosi ayenera kukwererapo.

Cham'mbali, athere pangodya kapena molingana ndi mapeto a kabati. Akalekezera pakatikati pa khoma, khitchini imaoneka ngati mmisiri anathawa ntchito asanalipidwe.