Nyenyezi Zikasanduka Timabokosi pa Kompyuta

Mphunzitsi wa sayansi m'boma la Chadiza akafuna kuonetsa ana mmene kadamsana amachitikira, safunikira kugula telesikopu. Pali pulogalamu yaulere yotchedwa Stellarium, imene Fabien Chéreau wa ku France anaiyambitsa mu 2001, chaka chomwe dzuwa linada masana ku Lusaka pa 21 Juni. Ikangolowa mu kompyuta imagwira ntchito popanda intaneti. Mphunzitsi angathe kubweza nthawi mpaka tsikulo, ana n'kuona okha mwezi ukuphimba dzuwa pang'onopang'ono.

Koma pa makompyuta akale, aja ogwiritsidwa kale ntchito kunja asanafike m'masukulu a kumudzi, nthawi zambiri zimatuluka ndi zina. Sikirini imangoda bii. Pena nyenyezi zimaoneka ngati timabokosi toyera, mayina a mapulaneti osawerengeka, pena pulogalamu imangoti yatseguka n'kutsekekanso pomwepo. Anthu amathamangira kunena kuti mwalowa vayirasi, ena amati makinawo afa. Ine ntchito yanga ndi yokonza makompyuta, ndipo zimandiwawa kuona makina abwinobwino akuunjikidwa pakona chifukwa cha vuto la driver ya zithunzi.

Stellarium sijambula yokha nyenyezi. Imawerengera pamene nyenyezi iliyonse ili, kenako imatumiza malangizo kwa kachipangizo kojambula zithunzi, kaya ka Intel, AMD kapena Nvidia. Malangizowo amapita m'chinenero chotchedwa OpenGL. Pakati pa ziwirizi pamakhala driver, imene ili ngati womasulira pabwalo la mfumu: iye akakhotetsa mawu, mlandu umasokonekera ngakhale mbali zonse zanena zoona. Word ndi Excel sizimupatsa ntchito yolemera womasulirayu. N'chifukwa chake kompyuta imatha kulemba makalata ndi mayeso chaka chonse popanda chovuta, koma n'kugwada tsiku loyamba kupatsidwa thambo lonse kuti ijambule.

Wokonza wodziwa ntchito sayamba ndi kufufuta Windows. Amayamba wawerenga. Stellarium imalemba zonse zimene yakumana nazo potseguka mu fayilo yotchedwa log.txt, yomwe pa Windows imakhala mu foda ya AppData. Ngati pulogalamu ikutseguka ndithu, batani la F1 limafikitsa munthu pa zolembedwa zomwezo. Chofuna kuona ndi mizere imene ikutchula OpenGL. Pakalembedwa dzina la Intel kapena AMD, driver ilimo, mwina yangokalamba. Pakalembedwa GDI Generic ndi nambala 1.1, ndiye kuti driver yeniyeni mulibe: Windows ikugwiritsa ntchito yake yongogwirizira, yomwe imadziwa OpenGL ya m'ma 1990 yokha, pamene Stellarium imafuna yatsopano kuposa pamenepo. Mu Device Manager makina oterewa amaonetsa Microsoft Basic Display Adapter. Izi zimachitika kwambiri munthu akaikamo Windows yatsopano mofulumira, n'kusiyira pomwe sikirini yayaka.

Mankhwala ake ndi kutenga driver yoyenera pa webusaiti ya kampani yomwe inapanga laputopuyo kapena kachipangizoko. Mafayilo amenewa ndi aakulu ndipo amadya bandulo, choncho ndi bwino kuwatenga kamodzi pamene netiweki ili yamphamvu, kaya paboma kaya ku Chipata, n'kuwasunga pa fulashi kuti athandize makina onse a mtundu umodzi.

Pali makina ena amene driver yatsopano kulibiretu. Chitsanzo ndi Intel HD Graphics 3000 ya mu 2011, imene Intel siichirikiza pa Windows 10. Apa ndi pomwe opanga Stellarium anaganizira anthu ngati ife. Anaikamo njira yotsegulira yotchedwa MESA, imene imalambalala kachipangizo ka zithunzi, ntchito yonse yojambula n'kuipereka kwa purosesa. Thambo limayenda mozengereza, inde, koma nyenyezi zimaoneka zolondola, ndipo m'kalasi zimenezo n'zokwanira. Ma Stellarium akale, asanafike 1.0 wa mu 2022, ali ndi njira inanso ya ANGLE, yomwe imasandutsa malangizo aja kukhala a Direct3D, chinenero chimene ma driver a Windows amachimva bwino. Kuchepetsa kukula kwa windo kumathandizanso kuti makina asalemedwe.

Si chithunzi chilichonse chachilendo chimene chimachokera ku driver. Wina angadandaule kuti nyenyezi zinayi za mtanda wa kummwera, zimene aliyense ku Chadiza amaziona madzulo a mu Meyi ndi Juni, sizikupezeka pa sikirini. Kawirikawiri pulogalamu imakhala ikuonetsa thambo la ku Paris, kumene nyenyezi zimenezi sizituluka n'komwe. Batani la F6 limatsegula posankhira malo. Chadiza ili pafupi madigiri 14 kummwera ndi 32 kummawa, ndipo nthawi yathu ili patsogolo ndi maola awiri pa ya Greenwich.

Nthanda ikaoneka pamalo olakwika malo atakonzedwa kale, yang'anani tsiku limene kompyuta ikuonetsa. Mkati mwa makina muli kabatire kakang'ono kozungulira, kawirikawiri ka CR2032, kosunga wotchi magetsi akazima. Kakatha mphamvu, kompyuta imadzuka ili m'chaka china, ndipo Stellarium imajambula mokhulupirika thambo la chaka chimenecho. Kusintha kabatireko kumafuna sikuludiraiva ndi mphindi zochepa.