Chala chamanthu chikayamba kukana ntchito

Kuyambira February, m'midzi ya kwa Simlemba ku Kasungu manja sapuma. Kuthyola fodya, kusoka, kupachika m'chigafa, kusankha, kumanga mindindi mpaka belo lipite ku Chinkhoma, zonsezi ndi ntchito yotsina ndi chala chamanthu. Amayi ambiri achikulire amadandaula kupweteka m'tsinde mwa chalachi, pafupi ndi podzera wotchi. Ena chitini chimawapulumuka m'manja, ena kupotokola chovala pochapa kumawakanika. Anzawo amangoti, "Ndi ukalamba umenewo, Mayi."

Ukalamba ulipodi, koma matendawa ali ndi chiyambi chake. Chalachi chimakhala pa kafupa kotchedwa trapezium, ndipo chimagwiridwa ndi minyewa yolimba kuti chisagwedere. Minyewayi ikatamuka, fupa limayamba kutsetsereka n'kumadya chichereŵechereŵe mpaka mafupa kukhulana okhaokha. Apo ndiye nyamakazi yakhazikika: potupa, kabampu, ndi chala chopindikira m'kati. Imagwira kwambiri amayi amene anasiya kusamba.

Katundu amene pamalopa pamasenza ndi wodabwitsa. Mu 1977, akatswiri ofufuza Cooney ndi Chao anapeza kuti ukatsina ndi mphamvu ya kilogalamu imodzi, m'tsinde mwa chala mumafika mphamvu ya makilogalamu pafupifupi 12. Tangoganizani mayi amene wasoka fodya zaka 30!

Chimene chimandiwawa n'chakuti thandizo loyamba si lodula, komabe ambiri amathamangira kutemera mphini, zomwe sizifika pafupa. Kachomangira kogwira chala kuti chipume, kuviika dzanja m'madzi ofunda m'mawa, kukulunga nsalu pa mpini wa khasu kapena mpeni kuti ukule, ndi kusinthana ntchito pabanja, zimachepetsa ululu. Panado amathandizako. Bulufeni naye amathandiza, koma kumwa tsiku ndi tsiku kumaononga m'mimba ndi impso, choncho afunika malangizo a kuchipatala.

Zikakanika, pali jakisoni wobaya pamalo olumikizira mafupawo, ndipo pomaliza opaleshoni yochotsa kafupa ka trapezium, imene madokotala akhala akuchita kuyambira mu 1949. Poyambira ndi pachipatala chaching'ono, kenako kwa oona za mafupa pachipatala cha boma la Kasungu, omwe angathe kutumiza wodwala kuchipatala cha mafupa cha LION ku Lilongwe.

Inu abambo ndi ana a pakhomo, mayi akati chala chikuwawa, alandireni singano ya fodya, ndipo apititseni kuchipatala chala chisanapindike.