Zilembo Zopendekeka pa Matchati a M'kalasi

Zilembo zopendekera kumanja, zimene osindikiza mabuku amazitcha italic, zidayambira ku Venice. Adazisema ndi Francesco Griffo potsanzira kalembedwe ka pamanja ka alembi a ku Italy, ndipo Aldus Manutius adasindikiza nazo ndakatulo za Virgil m'chaka cha 1501. Mwa zilembozi, zimene zimakonzedwera mitu ya nkhani ndi zikuluzikulu, zonenepa mbali ina, zowonda ngati ulusi mbali inayo, ndiponso zili ndi timichira kunsonga.

Ife aphunzitsi timakopeka nazo, pakuti kukongola n'zokongoladi. M'makalasi a ana okulirapo tingathe kulembera mutu wa tchati, dzina la buku, kapena mawu a chiyankhulo china. Koma mu Sitandade 1 ndi 2 tizipewe. Mwana wokhala kumbuyo saiona mizere yowondayo, ndipo h wopindikira mwendo m'kati amamuyesa b. Chovuta koposa ndi kachizindikiro ka mu ng', kamene kamakanirira ku chilembo chotsatira mpaka osaoneka: ife talemba ng'oma, mwana nkuwerenga ngoma, nyama ya m'tchire.

Tikapachika tchati, tikaime kukhoma lakumbuyo ndi kuliwerenga tokha ana asanalowe.