Njinga zobwereka za ku London: ngozi imachokera kuti?

Pa 30 Julayi 2010, bungwe loona zamtengatenga mumzinda wa London, Transport for London, linaika m'misewu njinga zoti aliyense azibwereka. Poyamba zinkadziwika ndi dzina la banki ya Barclays, koma kuyambira 2015 zimatchedwa za Santander. Si kabaza ayi, wopalasa ndi iwe mwini. Umalipira ndi khadi la kubanki pa makina oima pambali pa njingazo, kapena pa foni, ndipo umalandira nambala yomasulira njinga. Ukafika kumene ukupita, umaikankhira pamalo alionse oimikapo amene ali opanda njinga, n'kudikira kuti kanyali kobiriwira kayake. Kakapanda kuyaka, makina amaona ngati njingayo idakali m'manja mwako.

Ena amati kupatsa njinga munthu aliyense, ngakhale mlendo wosadziwa misewu, wopanda chipewa choteteza mutu, n'kuika moyo wake pachiswe. Nkhawa imeneyi ndi yomveka, ndipo chipewa chimathandizadi munthu akagwa. Koma njinga zoyambirirazo zimalemera makilogalamu pafupifupi 23, zili ndi magiya atatu okha ndi nyali zoyaka zokha, moti kuthamanga nazo n'kovuta. Kafukufuku amene anatuluka mu British Medical Journal mu 2014 anapeza kuti phindu la njingazi pa thanzi linaposa zoipa zake, makamaka kwa amuna ndi anthu achikulire. Nanga kukakamiza chipewa? Ku Melbourne, kumene lamulo limatero, anthu sankabwereka njinga kwenikweni, ndipo ntchitoyo inatsekedwa mu 2019. Munthu amene akungodumphira tsidya lina la mzinda sayenda ndi chipewa m'chikwama.

Chimene chimapha opalasa ambiri ku London ndi galimoto, makamaka malole akamakhotera kumanzere pamphambano, dalaivala asakumuona wapanjinga amene ali m'munsi mwa chitseko chake. Pamenepo chipewa sichipulumutsa munthu. Mu Novembala 2013 opalasa asanu ndi mmodzi anafa m'masabata awiri okha. Zimene zinatsatira zinakhudza msewu ndi lole: mu 2016 anatsegula njira ya njinga yopatulidwa ndi konkire m'mphepete mwa mtsinje wa Thames, ndipo kuyambira 2021 malole opitirira matani 12 amafunika chilolezo chosonyeza kuti dalaivala ali ndi njira yoonera anthu oyandikana ndi lole yake. Oyendetsa galimoto amadandaula kuti njira za njinga zoterezi zimawapanikiza, ndipo m'malo ena n'zoona, koma ine ndikuona kuti kuchedwa mphindi zochepa sikungafanane ndi maliro. Vuto lotsala ndi la ulamuliro. Transport for London imayang'anira misewu ikuluikulu yokha, pafupifupi 5 pa 100 ilionse, pomwe yambiri yotsalayo ili m'manja mwa makhonsolo 32 ndi City of London. N'chifukwa chake njira yabwino imatha kuthera pamalire a khonsolo, ndipo wokhala m'deralo akafuna kuti ipitirire, woyenera kumufunsa ndi khansala wake, osati meya wa London yekha.