Ku Chipata Misa ndi imodzi, koma kwacha ndi ziwiri

Amalawi ambiri akamva dzina la Chipata amagwedeza mutu n'kunena kuti "kumenekonso n'kwathu." Akuluakulu amakumbutsa kuti mu 1968 Dr Kamuzu Banda ananena poyera kuti malire enieni a Malawi amakafika kumtsinje wa Luangwa, ngakhale amaiwala kuonjeza kuti Kenneth Kaunda sanasekerere mawuwo. Achinyamata amene sanapondeko amayesa kuti ndi kamsika kafumbi kongopitirira pang'ono Mchinji. Onsewa amalakwa. Chipata ndi likulu la chigawo cha kum'mawa cha Zambia, inakwezedwa kukhala mzinda mu 2017, ndipo kale, ikutchedwa Fort Jameson, inali likulu la North-Eastern Rhodesia mpaka 1911, pamene Lilongwe kanali kaboma kakang'ono m'mbali mwa mtsinje.

Kuchokera ku Ntchisi, munthu atha kukafikako n'kubwerako tsiku lomwelo, bola alawirire. Ndi mmene anachitira abwenzi ena a pa Boma la Ntchisi, oimba m'kwaya ya Katolika, amene anasonkherana ndalama za minibasi kuti akapemphere ku St Anne's, tchalitchi lalikulu la dayosizi ya Chipata. Ananyamuka atambala asanalire, natsika mapiri kukalowa msewu wa M1 pa Mponela, nadutsa Lilongwe kukali mbuu, kenako Namitete, Kamwendo ndi Mchinji. Pamalire a Mwami zinthu zimathamanga masiku ano, chifukwa kuyambira mu Disembala 2022 maofesi a mayiko awiriwa ali pamalo amodzi. Kuchoka pamenepo kukafika mumzinda ndi pafupi kuposa kuchoka pa Boma la Ntchisi kupita ku Mponela.

M'tchalitchimo panalibe chachilendo. Wansembe akayamba pemphero, a ku Ntchisi ankayankha limodzi ndi eni ake osaphonya, ndipo nyimbo zina kwaya itangoziyamba, iwo anali atazilanda kale. Izi sizodabwitsa kwa wodziwa mbiri ya mpingo. Ansembe a chipani cha White Fathers anatsegula Mua mu 1902 ndi Kachebere mu 1903, ndipo Kachebere ali pamalire penipeni. Dera la Chipata linkayang'aniridwa ndi episkopi mmodzi ndi Lilongwe, Dowa ndi Ntchisi mpaka 1937, pamene Fort Jameson anapatsidwa ulamuliro wakewake. Anakhala dayosizi mu 1959. Seminale ya Kachebere inkaphunzitsa ansembe a mbali zonse ziwiri. Ndipo pamene a ku Ntchisi amayang'ana ku tchalitchi lalikulu la Maula ku Lilongwe, a ku Chipata amanyadira kuti pampando wa St Anne's panakhala Ambuye Medardo Mazombwe kwa zaka zoposa 25, asanapite ku Lusaka mu 1996 ndi kukhala kadinala mu 2010. Malawi mpaka lero sanakhalepo ndi kadinala. Odzitcha eni Chipata azikumbukirako zimenezi.

Ubale unathera pa nthawi ya chopereka. Mayi wina wa m'gululo anatulutsa K2,000, ya nkhope ya Chilembwe, yomwe kwawo amaponya m'dengu mutu uli m'mwamba. Mnzake anamugwira dzanja. "Achemwali, bwezani iyo, kuno siigwira ntchito." Mayi wa ku Chipata amene anakhala nawo benchi limodzi anaseka chamumtima, nawaonetsa K20 yake ya chithunzi cha nkhwazi. "Iyi ndiye ya kuno, amayi." Ku Malawi K20 siigula ngakhale chitumbuwa. Ku Chipata ndi chopereka chaulemu.

Apa ndi pamene Mmalawi amayamba kuwerengera zala, mtima ukuwawa. Kwacha imodzi ya Zambia imagula makwacha a Malawi makumi angapo ngakhale pa mtengo wa kubanki, ndipo kwa anyamata osintha ndalama amene amazungulira pamalire atanyamula mipukutu yomangidwa ndi mphira, mtengo umakwera kuposa pamenepo. Munthu amapereka mtolo, n'kulandira timapepala tochepa tolowa m'thumba la malaya. Ndalama zachitsulo kumeneko zikugwirabe ntchito, K1 yachitsulo wogulitsa amailandira ndi manja awiri, pamene kwathu mwana wa pulayimale sanaonepo tambala ndi maso ake.

Koma nkhaniyi ambiri amaimva theka. Pa nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, mlimi wa ku Ntchisi ndi wa ku Katete ankalandira paundi imodzimodzi. Zambia inayamba kwacha yake mu 1968, Malawi mu 1971. Kenako mtengo wa kopa unagwa, ngongole zinachuluka, ndipo kwacha ya Zambia inatsika mpaka pofika 2012 dola imodzi inkagula pafupifupi K5,000. Masiku amenewo oseka anali Amalawi, ankati ku Zambia aliyense ndi miliyoneya. Pa 1 Januwale 2013 banki yaikulu ya Zambia inachotsa maziro atatu, K1,000 n'kusanduka K1. N'chifukwa chake wogulitsa tomato pa msika wa Kapata akafuna K10 atha kunena kuti "teni pini," akuwerengabe masauzande akale, ndipo mlendo wosadziwa amatuluka thukuta.

Tsono gawo lina la mphamvu imene Amalawi amaisirira ndi masamu chabe. Kuyambira 2013 mpaka 2024 ndalama ziwirizi zinkatsetsereka limodzi. Ya Zambia inachoka pa K5 kufika pamwamba pa K25 pa dola mu 2024, ndipo mu Novembala 2020 dzikolo linalephera kubweza ngongole yake yakunja. Ya Malawi inadulidwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kudulidwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Kusiyana kwenikweni kuli poti ku Zambia mtengo wolembedwa pabolodi ya banki ndi womwewo umene munthu amagulira dola, pomwe kwathu pali mtengo wa pabolodi ndi wina wa kuseri kwa sitolo. Wosintha ndalama pa Mwami amadziwa zimenezi kuposa aliyense, ndipo mtengo wake amautenga kuseriko.

Zotsatira zake a ku Ntchisi ndi Dowa amazidziwa ngakhale asanawoloke malire. Soya ndi mtedza zikakhwima, wogula wokhala ndi ndalama ya Zambia amaona ngati katundu wathu n'ngotchipa, ndipo matumba amalowera kumadzulo. Shuga, mafuta ophikira kapena simenti zikasowa m'masitolo mwathu, Amalawi ndi amene amadzaza Down Shops ndi Saturday Market, ndipo amalipira modandaula. Pali kena kamene kamabaya pamenepa: a ku Chipata amatilandira ngati abale, "alamu" apa, "amalume" apo, koma ndalama yathu saifuna. Ngakhale ya pafoni siithandiza msanga, pakuti Mpamba wa TNM alibe sitolo kumeneko, ndipo zikwangwani zachikasu za MTN ndi zimene zili paliponse. Ndani angawadzudzule? Nawonso amagula zosowa za ana awo m'kwacha ya ku Lusaka, mzinda umene uli pa mtunda wa makilomita oposa 550, ngakhale Lilongwe ili pakhomo pawo.

Itatha Misa, abwenzi aja anajambulitsa zithunzi kutsogolo kwa tchalitchi, nakwera njinga za kabaza zimene Chipata imadziwika nazo, nakadya nsima ya nkhuku mumsika. Anaona mizikiti yokongola ya amwenye ku Down Shops, anamva Radio Maria ikuyankhula chinenero chawo chomwecho m'sitolo ina, ndipo wina anafunsa njira ya ku Mkaika kwa Kalonga Gawa Undi, ati adzabwerenso pa mwambo wa Kulamba mu Ogasiti. Bilu ya chakudya itabwera onse anati n'zotchipa, mpaka msungichuma wa kwaya atachulukitsa nambalayo pafoni. Zogula zimene analonjeza kunyumba zinachepetsedwa pomwepo, ndipo zitenje zingapo zinabwerera pa alumali.

Amene akufuna kukaona St Anne's asaope, msewu ndi wa phula kuchokera pa Mponela mpaka pakhomo la tchalitchi. Atenge pasipoti, afunse mtengo wa tsikulo kwa anthu awiri kapena atatu asanasinthe ndalama, aziwerenge kawiri wosinthayo akuona, ndipo apatuliretu ya chopereka asanalowe mumsika.