Kompyuta Yodula Kapena Yotchipa: Kodi Sukulu Igule Iti?

Pa nkhani zonse zimene zimafika pamaso pa mphunzitsi wamkulu ndi komiti ya sukulu, ndi zochepa zimene zimautsa mtsutso monga kugula makompyuta. Ndalama zimakhala zitapezeka movutikira, mwina kuchokera kwa makolo, mwina kwa ophunzira akale, ndipo mwayi wotere subwera chaka chilichonse. Ena amati tigule a dzina lotchuka monga Apple, pakuti chodula ndicho cholimba. Ena amati tigule otchipa kuti achuluke. Inu amene mukukonzekera ntchito ya uphunzitsi mudzafunsidwa maganizo anu, popeza anthu amayesa kuti mphunzitsi wongochoka kumene ku koleji amaŵadziŵa bwino makina ameneŵa. N'chifukwa chake tafuna kuti tiione nkhaniyi mofatsa.

Tiyambe ndi kutsegula chivundikiro. Dzina limene timaŵerenga pamwamba pa laputopu kaŵirikaŵiri si la amene anapanga ziŵalo za m'kati. Purosesa, kachipangizo kamene kamachita maŵerengero onse, m'makompyuta ambiri a Windows imachokera ku makampani aŵiri okha, Intel ndi AMD. RAM, malo amene kompyuta imayalapo ntchito imene ikugwira pa nthaŵiyo, yambiri imapangidwa ndi Samsung, SK Hynix ndi Micron. Ngakhale ntchito yolumikiza ziŵalozo imapatsidwa kwa makampani a ku Taiwan monga Quanta, Compal ndi Wistron, amene amapangira mayina osiyanasiyana pa nthaŵi imodzi. Motero malaputopu aŵiri okhala ndi purosesa imodzimodzi ndi RAM yofanana adzagwira ntchito ya m'kalasi pa liŵiro losasiyana kwenikweni, ngakhale mitengo yake italekana kutali. Apple ndiyo ili payokha pang'ono. Kuyambira mu 2020, pamene inatulutsa purosesa ya M1, imakonza yokha mapulani a mapurosesa ake, ndipo makina ake ndi achangu ndiponso osadya batire. Zimenezo sititsutsa.

Nanga ndalama zapamwambazo zimapita kuti? Zina zimagula zinthu zenizeni: thupi lachitsulo m'malo mwa pulasitiki yofooka, mahinjesi osathyoka msanga, kiyibodi yopirira zala zambiri, sikirini yosatopetsa maso. Zina zimagula kupyapyala, kupepuka, maonekedwe ndi dzina lenilenilo. Munthu wa bizinesi amene amayenda ndi laputopu m'ndege ali ndi chifukwa cholipirira kupepuka. Kompyuta ya sukulu imakhala pa tebulo limodzi moyo wake wonse, ndipo kupyapyala sikuithandiza kanthu. Kwenikweni kumaivulaza, pakuti kuti makina apyapyale opanga amawotcherera ziŵalo pamodzi. M'malaputopu a Apple a mapurosesa atsopanoŵa, RAM ndi chosungira mafayilo sizichotseka, kotero kuti mmisiri wa pa msika sangawonjezere kapena kusintha chimodzi mwa izo monga amachitira ndi makina ena. Waranti nayo ndi lonjezo labwino, koma phindu lake limadalira mtunda wochokera pa sukulu kukafika kwa wokonza wovomerezeka. Sukulu ya ku Chitipa kapena ku Nsanje ifunse kaye kuti makina akadwala adzanyamulidwa kupita kuti, adzalipira ulendowo ndani, ndipo ana adzadikira miyezi ingati.

Tsopano tiyang'ane ntchito imene makinaŵa akukagwira. Wophunzira wokonzekera mayeso a MSCE pa phunziro la makompyuta amataipa ndi kukonza zolembedwa, amaŵerengera manambala m'matebulo, amasunga ndi kufufuza zinthu m'nkhokwe ya mafayilo. Mphunzitsi amalemba mayeso, amasunga malikisi, nthaŵi zina amaonetsa kanema waufupi. Palibe imodzi mwa ntchitozi imene imafuna makina amphamvu koposa. Kompyuta yabwino ya zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo imazigwira zonse mosadandaula.

Chimene chimasoŵa m'kalasi ndi nthaŵi ya mwana aliyense pa kiyibodi, ndipo apa masamu ake ndi osavuta. Tiyerekeze kalasi ya ana 60 ndi phunziro la mphindi 40. Sukulu ikagula makompyuta 10 odula, ana asanu ndi mmodzi amaunjikana pa kompyuta imodzi, ndipo aliyense amapeza mphindi zosakwana 7. Ikagula 30 ndi ndalama zomwezo, ana amakhala aŵiriaŵiri, ndipo aliyense amapeza mphindi 20. Ndipotu mphindi 7 zija n'zapapepala chabe. Aliyense amene anaonerapo phunziro lotere akudziŵa kuti pa gulu la ana asanu ndi mmodzi, mmodzi wolimba mtima amalanda kiyibodi, aŵiri amamuuza zochita, ndipo otsalawo, amene nthaŵi zambiri ndi atsikana ndi ana amanyazi, amangopenyerera kufikira belu litalira. Kutaipa ndi luso la zala, monga kusoka kapena kuluka mphasa, ndipo wopenyerera salitola. Pa chifukwa ichi chokha, ife tikuona kuti dzina lodula siliyenera mtengo wake m'chipinda chophunzirira ana.

Komabe tisathamangire kunena kuti kuchuluka ndiko zonse. Mu 2005 Nicholas Negroponte wa ku MIT analengeza ntchito ya One Laptop per Child, yopangira ana a m'maiko osauka laputopu ya madola 100. Pamene inayamba kupangidwa mu 2007, mtengo wake unali utatsala pang'ono kuŵirikiza kaŵiri. Dziko la Peru linagula makina oposa 800,000. Mu 2012 ofufuza a Inter-American Development Bank anatulutsa zimene anapeza m'sukulu 319 za kumidzi ya dzikolo patatha miyezi 15: ana anazoloŵera makinawo, koma malikisi awo a masamu ndi a chiyankhulo sanakwere. Makina anafika ochuluka, koma njira yoŵagwiritsira ntchito pa phunziro lenileni inatsalira m'mbuyo.

Kwathu kuno tili ndi chitsanzo cha mbali inayo. Mu 2013, pa sukulu ya pulayimale ya Biwi ku Lilongwe, Nicola Pitchford wa ku yunivesite ya Nottingham anayesa pulogalamu yophunzitsa masamu m'Chicheŵa ya bungwe la onebillion. Ana ankaigwiritsa ntchito kwa nthaŵi yofanana ndi theka la ola pa tsiku kwa masabata asanu ndi atatu, ndipo, makamaka a Sitandade 2 ndi 3, anapambana anzawo amene anaphunzira mwa nthaŵi zonse. Matabuleti oyambawo anali iPad, ndiye kuti a dzina lodula. Pambuyo pake onebillion inakonza tabuleti yakeyake yotchipa ya Android, ndipo mu 2023 boma linayamba ntchito ya BEFIT yofikitsa matabuleti otchajidwa ndi mphamvu ya dzuŵa m'sukulu za pulayimale. Chimene chinaphunzitsa ana a pa Biwi chinali phunziro lokonzedwa bwino, m'chiyankhulo chawo, pa nthaŵi yoikika, mwana aliyense atagwira yake. Phunziro lomwelo limayenda pa makina a mtengo wotsika.

Pali msampha wina umene tiyenera kuutchula mwamphamvu, chifukwa komiti ikamva kuti dzina lodula silofunika imalumphira ku mapeto enawo. M'masitolo muli malaputopu atsopano onyezimira a mtengo wotsika kwambiri, okhala ndi RAM ya 4 GB ndi chosungira cha 64 GB. Manambala ameneŵa ndiwo malire otsikitsitsa amene Windows 11 imavomera, ndipo kaŵirikaŵiri ziŵalozo n'zowotchereredwa, monga za makina odula aja. Pakapita miyezi yoŵerengeka chosungira chimadzaza, makina amayamba kukwaŵa, mahinjesi amagwedera, ndipo palibe chowonjezera kapena chosintha. Akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mtengo woona wa kompyuta timaupeza pogaŵa ndalama zake ndi zaka zimene yagwira ntchito. Titenge manambala ongoyerekeza: ya K1,200,000 yokhala zaka 6 yadya K200,000 pa chaka, pamene ya K450,000 yofa patatha chaka ndi theka yadya K300,000 pa chaka. Yotchipayo ndiyo yadula.

Pakati pa mapeto aŵiriŵa pali njira imene ife tikuikonda. Makampani akuluakulu amapanga magulu aŵiri a makina, la pa nyumba ndi la m'maofesi. A m'maofesi, monga ThinkPad a Lenovo, Latitude a Dell ndi EliteBook a HP, amapangidwa kuti apirire ndiponso kuti akonzeke. Ambiri a iwo amatseguka pongomasula tizitsulo tomangira, ndipo batire, kiyibodi ndi chosungira zimasinthika. Maofesi a kunja amasintha makina otere pakapita zaka zitatu kapena zinayi, asanatope, ndipo ndiwo amadzafika kuno ngati a kaunjika. Popeza anapangidwa ochuluka, masipeya ake savuta kupeza ndipo amisiri athu anaŵazoloŵera. Zimenezi n'zazikulu m'dziko limene kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, pakuti chiŵalo chilichonse choitanitsa kunja chimakwera pamodzi ndi dola. Sukulu yogula makina otere imalandira kulimba kumene dzina lodula limalonjeza, wina atalipira kale gawo lalikulu la mtengo wake.

Wogula a kaunjika asamale zinthu zingapo. Afune RAM ya 8 GB kapena kuposa, ndi chosungira cha mtundu wa SSD, chimene chilibe chozungulira m'kati ndipo n'chachangu kuposa cha mbale yozungulira. Ayese batire iliyonse asanalipire, chifukwa batire ndiyo imakalamba msanga. Afunsenso zaka za purosesa. Microsoft inathetsa chithandizo cha nthaŵi zonse cha Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 imafuna, mwa zina, purosesa ya Intel ya m'badwo wachisanu ndi chitatu kapena wam'tsogolo mwake. Makina akale kuposa pamenepo sanathe ntchito ayi: amayenda bwino ndi Ubuntu kapena Linux Mint pamodzi ndi LibreOffice, zonse zaulere. Koma mphunzitsi adziŵe zimenezi asanagule, ndipo aone ngati zikugwirizana ndi zimene ana adzakumana nazo pa mayeso.

Kodi palibe pamene makina odula ali oyenera? Alipo ndithu. Koleji imene imajambula ndi kukonza mafilimu a maphunziro a chitsanzo ikufunika kompyuta imodzi yamphamvu, ndipo pamenepo kuumira n'kutaya nthaŵi ya anthu. Wophunzira wosaona bwino akufunika sikirini yaikulu yooneka bwino, ngakhale kuti pulogalamu yomuŵerengera mawu mokweza siikakamiza dzina: makina a Apple amabwera ndi VoiceOver, ndipo a Windows amalandira NVDA yaulere. Izi ndi zosoŵa za munthu mmodzi kapena ofesi imodzi, ndipo zigulidwe padera.

Komiti isathere ndalama zonse pa makina. Adani a kompyuta m'sukulu zathu ndi magetsi othimathima, mphezi, fumbi la m'chilimwe ndi akuba, ndipo onseŵa saŵerenga dzina la pa chivundikiro. Pa nkhani ya magetsi laputopu imaposa kompyuta ya pa tebulo, chifukwa batire yake imasunga ntchito ya mwana magetsi akathima, ndiponso chaja yake, imene nthaŵi zambiri ndi ya mawati 45 kapena 65, siilemetsa sola. Pafunika zotetezera magetsi akabwera mwamphamvu, nsalu zofunditsa makina, zitsulo za m'mazenera, machaja aŵiri kapena atatu apadera, ndi mphunzitsi mmodzi wophunzitsidwa kupukuta fani ndi kusintha chosungira. Mphunzitsi ameneyo asunge kope lolembamo tsiku limene kompyuta iliyonse inagulidwa, chimene chinawonongeka, ndalama zokonzera, ndi masiku amene inakhala osagwira ntchito.