Mutu 4: pH siyenda ngati makilomita a pa msewu

M'mutu uno tiyamba ndi zosungunuka, kenako asidi, kenako besi, pH kumapeto. Zosungunuka sizititayitsa nthawi: mchere ukalowa m'madzi n'kusaonekanso, nkhani yake ndi yomweyo. Asidi lilime limamudziwa kale: mandimu, bwemba, malambe, munkoyo wogonera. Besi amadziwika ndi zala, chifukwa amaterera, ngati sopo, soda ndi chidulo chimene amayi amasefa kuchokera ku phulusa la zitsononkho. Akathira chidulo mu lumanda kuwawasa n'kuchepa, H+ wa asidi wa m'masamba wakumana ndi OH- wa besi wa m'chidulo, awiriwo asanduka madzi.

Koma chimene chimandipweteka mtima ndi china, ndipo sindidikira kumapeto. Ana ambiri amaloweza kuti pH imayambira 0 kufika 14, kuti 7 ndi pakati, n'kuganiza kuti manambalawa ali ngati makilomita a pa Great East Road, pamene kilomita ya pa Chongwe ndi yofanana ndi ya pa Rufunsa. Ayi ndithu! Muyeso umene Søren Sørensen anakonza ku Copenhagen mu 1909 umadumpha kakhumi pa sitepe iliyonse. Kutsika kuchoka pa 7 kufika pa 6, H+ wachuluka ka 10. Pa 5, ka 100. Pa 4, ka 1,000. Zili ngati ndalama: K10, K100, K1,000. Mwangowonjezera ziro mmodzi, koma wina wagula tomato, wina wagula mbuzi. Madzi a mandimu, amene pH yake ili cha pa 2, ali ndi H+ woposa wa madzi enieni ka 100,000.

Tsono taganizirani alimi awiri a kwa Mpanshya. Dothi la wina lapimidwa 5.5, la mnzake 4.5. Wachiwiriyo amati, "Tasiyana pang'ono chabe." Bambo, mwasiyana kakhumi! Dothi likatsika pansi pa 5.5, aluminiyamu amayamba kusungunuka n'kupanikiza mizu ya chimanga, ndipo fosiforasi wa mu fetereza wa D compound amamangika, mbewu osamufikira. Chimanga chikafooka, mlimi amaonjeza urea, pamene urea yemweyo chaka ndi chaka amawawasitsa dothi. Kuli ngati kuzimitsa moto ndi udzu wouma.

Mankhwala ake ndi laimu waulimi, koma pano pali kulakwitsa kumene ndakuona kambiri. Musasakanize laimu kapena phulusa ndi fetereza wa nayitrojeni m'beseni limodzi. Fungo lobaya m'mphuno limene limatulukalo ndi amoniya, ndiye kuti ndalama zanu zikuuluka. Laimu amathiridwa miyezi ingapo mvula isanagwe, n'kumugaulira m'dothi, chifukwa amasungunuka pang'onopang'ono.

Enanso amati asidi wa mu batire ukamuthira kapu ya madzi ndiye wafa. Kuti pH yake ikwere sitepe imodzi yokha, kapu imodzi ya asidiyo imafuna makapu asanu ndi anayi a madzi. Ndipo asidi ndiye amathiridwa m'madzi pang'onopang'ono, osati madzi mu asidi, kuopa kuti angatenthe n'kuthovukira m'maso. Akakudontherani pakhungu, tsukani ndi madzi ambiri oyenda kwa nthawi yaitali. Kapu imodzi ya madzi ndi sitepe yosakwana n'komwe.